Gitala ya Mzungu ndi Makutu a Amai

Nyimbo imeneyo ndinaimva koyamba ndili kuseri kwa nyumba, manja ali m'beseni, ndikuchapa yunifomu ya sukulu. Sindinadziwe kuti inali nyimbo. Ndinaganiza kuti ndi waya wa magetsi, popeza nyumba za boma zimene tinkakhalamo zinali zitangolumikizidwa kumene, ndipo mawaya ake ankang'ung'udza choncho mphepo ikamaomba. Ndinapukuta manja pa chitenje n'kuthamangira m'nyumba kuti ndikachenjeze alongo anga. Ndinawapeza atakhala pansi, atatsamira khoma, maso ali otseka. Pa tebulo panali foni yawo ndi kasipika kakuda, kotalika ngati botolo la mafuta odzola.

"Alongo, chinthu chanu chawonongeka."

"Nkala pansi iwe, umvele," anatero osatsegula maso.

"Ndimvere chiyani? Palibe amene akuyimba."

"Ndiye nyimbo yake iyo."

Ndinaima pakhomo kudikira kuti ng'oma ilowe, kapena munthu atsokomole n'kuyamba vesi. Palibe chinachitika. Ndinabwerera ku zochapa zanga ndikuganiza kuti Lusaka yawawononga mutu alongo anga.

Nthawi imeneyo Rufunsa inali itangoima payokha ngati boma. Maofesi ena anali m'zipinda zobwereka, ndipo antchito ankatsika m'mabasi ndi masutikesi, nkhope zili zokayika. Alongo anga, mwana woyamba wa amai, anali mmodzi wa iwo. Anamaliza koleji ku Lusaka, boma n'kuwatumiza ku ofesi ya zaulimi kwathu komwe. Atapatsidwa kanyumba ka zipinda ziwiri, anabwera kumudzi ku Shikabeta kudzanditenga kuti ndiziphunzira sekondale ndikugona pafupi ndi sukulu. Atate anatisiya ndili wamng'ono, choncho mawu a alongo anga ndiwo anali omaliza pa zonse zokhudza ine.

Iwo ndiwo anandiuza za mwini nyimbo ija. Anali mzungu wa kutsidya kwa nyanja, amene pa unyamata wake ankaimba gitala m'bandi yaphokoso.

"Ija bandi ya magitala yokuwa, nyimbo imozi kutalika monga ulaliki," anatero alongo anga m'chinyanja chawo cha m'tauni. "Manje pamene anakula anankala yeka, iye na gitala na makina yake chabe."

Anandifotokozera kuti munthuyo amakhudza chingwe kamodzi, makina n'kugwira liwu limenelo n'kumalibweza osalilola kufa. Kenako amaikapo lina pamwamba pake, ndi linanso, mpaka gitala imodzi imveke ngati khamu.

Sindinaikonde tsiku limodzi. Gitala imene ndinkaidziwa ndi ya anyamata a kwaya, imene umamva chala chikukodola chingwe. Mu iyi chala sichinkamveka. Liwu linkangotulukira ngati nthunzi ya pa madzi otentha a ku Chinyunyu m'nyengo yozizira, osadziwa pamene yayambira. Pansi pake pankagona liwu lolemera, ngati lole imene ikukwera phiri kutali pa msewu waukulu, yoti umaimva m'chifuwa usanaimve m'khutu. Pamwamba pankayenda kaliwu kowonda ngati ulusi, kamene kankasowa n'kubweranso kali kosinthika pang'ono. Sungavine, sungaombe m'manja, sungaimbe nawo. Koma ndinazindikira kuti ikamalira, ndinkatsuka mbale mofatsa, ndipo masamu amene ankandikwiyitsa ndinkawayang'ana popanda mantha.

Amai anabwera m'nyengo yozizira ya chaka changa chachiwiri pa boma. Chifuwa chachikulu chimene anadwalapo kale chinali chitabwerera. Ku kiliniki anati ulendo uno mapiritsi okha sakwanira, pafunikanso jekeseni tsiku ndi tsiku kwa miyezi, ndipo munthu sangayende kuchokera ku Shikabeta m'mawa uliwonse. Tinawapatsa chipinda changa, ine n'kumagona pabalaza.

Ba sista, namwino amene ankawabaya, anali mayi wamfupi wolankhula mosabisa. Anandiitanira pambali chifukwa ndine ndinkaperekeza amai ndisanapite ku sukulu.

"Mawindo azinkala yosegula, usiku na usana, olo kuzizile bwanji," anatero. "Na chinangu, uyu mankwala ni wamphamvu. Anthu ena umawadya makutu. Akayamba kumvela vinthu vikulila m'mutu, uzanene."

Ndinafunsa ngati makutu amabwerera munthu akachira. Ba sista anayang'ana botolo limene anali nalo m'manja n'kunena kuti nthawi zambiri sabwerera.

Masabata oyamba anali oipa. Amai anali munthu wa khasu, wosazolowera kugona dzuwa lili pamutu. Matako anatupa ndi jekeseni, chakudya chinkawanunkhira, ndipo masana ankangotembenuka pa matiresi akubuula. Tinawayikira kwaya, iwo anati tizimitse. Tinawayikira ulaliki wa pa wailesi, anati munthuyo akukuwa ngati wabedwa mbuzi.

Lamlungu lina titabwera ku tchalitchi, alongo anga anayatsa nyimbo yawo ija motsitsa, poganiza kuti amai ali mtulo. Patapita kanthawi tinamva akuitana kuchipinda.

"Atate!" Umu ndi mmene ankawaitanira alongo anga chiyambire ntchito. "N'chiyani chimenecho?"

"Pepani amai, nizazimya."

"Ndati n'chiyani, sindinati zimitsani. Bweretsani kuno."

Kasipika kanaikidwa pa mpando pafupi ndi matiresi. Amai anamvetsera nthawi yaitali, maso ali kudenga.

"Ali yekha munthuyu?"

"Yeka, amai."

"Akuzira nyumba," anatero. "Mwamva? Wapaka dothi, akudikira liume. Uyo wapakanso lina pamwamba. Amadziwa ntchito."

Ndinafunsa ngati sikuwapatsa chisoni, popeza ine nthawi zina inkandipatsa.

"Chisoni cha chiyani? Sachita changu basi. Pa boma pano aliyense amandifulumizitsa. Vulani, gonani, dzukani, mezani. Uyu yekha ndiye akundidikira." Anatsokomola, n'kuwonjezera: "Za kwaya zili ndi mawu, ndipo mawu amafuna uwayankhe. Ine mphamvu yoyankhira ndilibe."

Nyimboyo isanafike pakati, amai anali atagona tulo teniteni, kukamwa kuli kotsegula, manja atawamasula. Ine ndi alongo anga tinayang'anana, n'kutuluka chonyang'ama.

Kuyambira pamenepo chinakhala chizolowezi. Alongo anga akabwera kudzadya masana ankandisiyira foni ndi kasipika. Ine ndikaweruka ku sukulu ndinkapukuta amai ndi madzi ofunda, kuwapatsa phala, kenako iwo ankati, "Muitane mzungu wanga." Ankagona nthawi zonse nyimbo isanathe, ndipo ine ndinkazimitsa n'kupita kukayatsa mbaula. Choncho tonse awiri sitinkadziwa mathero ake. Zimenezi zinkawavuta amai kuposa ine.

"Wandigonekanso munthu uja," ankadandaula akadzuka. "Ndimafuna ndimve kuti adzatuluka bwanji m'menemo. Wazira kuyambira pakhomo kulowera mkati. Nanga potuluka adzaponda pati?"

"Mawa musagone, amai."

"Mawa ndikhala tsonga."

Mawa lake ankagonanso. Ankadya bwinoko, ndipo kubuula kunachepa. M'buku langa la tsiku ndi tsiku ndinalemba kuti amai aseka kawiri, ndipo ndinadula mzere kunsi kwake.

Loweruka lina m'mwezi wa mphepo ndinaganiza zopaka polishi wofiira pabalaza. Alongo anga anali atapita ku msika, atandisiyira foni. Ndinatulutsa mipando yonse, tebulo ndi kabati yaing'ono, n'kuziika pabwalo pansi pa mtengo wa mango. Mazenera anali otsegula monga mwa lamulo la ba sista, chitsekonso chinali chotsegula kuti polishi aume. Amai anapempha mzungu wawo nthawi isanakwane, ndipo popeza ndinkafuna kumamva nanenso ndikugwada pabalaza, ndinakweza mawu a kasipika kuposa masiku onse.

Panali zinthu zimene sindinaziganizire. Chaka chapitacho dziko linali pa maliro a mtsogoleri, ndipo masiku onse olira wailesi inasiya nyimbo zovina, n'kumaika zoyenda pang'onopang'ono, zina zopanda mawu. Kwa anthu ambiri a pa mzere wathu wa nyumba, kumeneko ndiko kokha kumene anamvako nyimbo yotere. Aliyense ankadziwanso kuti m'nyumba mwathu muli wodwala wowonda kwambiri. Ndipo kwathu kuno mipando imatulutsidwa pabwalo pakagwa maliro, kuti azimayi apeze pokhala pansi m'nyumba.

Ndinamva kulira kukuchokera kumsewu. Ndinadzuka ndi nsanza m'manja kuti ndione amene wamwalira. Azimayi anali akulowa pabwalo pathu atamanga zitenje, manja ali kumutu. Patsogolo panali ba madamu, akazi a bwana wa alongo anga, amene ankakhala nyumba yachitatu kuchokera pa yathu ndipo ankatsogolera azimayi a mpingo wawo.

"Mayo ine! Amai mwatisiyira ana!"

Ba madamu anandikumbatira mwamphamvu, nkhope yanga n'kumira pachifuwa pawo. Ndinayesa kulankhula koma iwo ankangondisisita msana. "Lila mwana wanga, lila, osazigwila." Ena anali atakhala kale pa polishi wanga wosauma. Wina ankachotsa makatani.

Kenako chitseko cha kuchipinda chinatseguka. Amai anaima atagwira felemu, duku lili pambali, maso ali ofiira ndi tulo.

"Wamwalira ndani?" anafunsa.

Mayi wina amene anali pafupi ndi khomo anakuwa n'kuthawa osavala patapata. Ena onse anangoti zii. Mu zii mmenemo gitala ija inkapitiriza kuzira nyumba yake, osasamala kanthu.

Amai ndiwo anayamba kuseka. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, n'kukhala pansi pakhomo pomwepo.

"Ndiye mmene mudzandilirire umu?" anatero akupukuta misozi. "Inu a chitenje chobiriwira, simumalira, mumangoyang'ana makatani."

Azimayi anaseka, ena akubisa nkhope. Ankadzuka zitenje zili zofiira kumbuyo ndi polishi. Ine ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Koma uthenga unali utathamanga kale. Alongo anga anakumana nawo pa msika, akusankha tomato. Mnzawo wa ku ofesi anawagwira dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti pepani, tamva za amai. Alongo anga anataya zonse zimene anagula n'kuthamanga njira yonse yochokera ku msika, akudziwa kuti amai awo amwalira iwo ali pa tomato. Atalowa pabwalo ndi kuona mipando panja, anagwada pa fumbi. Amai anachita kuwaitana kawiri asanadzutse mutu.

Ba madamu sanaseke nawo. Manyazi anawasandutsa aukali.

"Imwe, mwaphunzila, koma ivi ni vichani?" anawauza alongo anga, anthu onse akumva. "Munthu odwala ali m'nyumba, imwe muliza nyimbo za malilo? Muitana chani? Vinthu vina sitiseweletsa."

Alongo anga analowa m'nyumba, anazimitsa nyimbo, n'kuika foni m'thumba. Lolemba m'mawa ananyamula kasipika kupita nako ku ofesi, ndipo sikanabwerenso.

Ndinawapempha madzulo a tsiku lomwelo, tikusankha nyemba pakhonde.

"Alongo, amai sagona popanda nyimbo ija."

"Azazolowela."

"Inu simukhulupirira zoti nyimbo imaitana imfa."

"Sinikhulupilila," anatero. "Koma iwe sunathamange kuchoka ku maliketi. Nikaimvela manje, nimvela ija njila." Kenako anati: "Ku ofesi ananipasa na dzina, aniitana ati ba malilo. Abwana sanakambe kanthu, koma aniyangana. Amai akachila tizaliza siku lonse."

Amai sanawapemphe. Anali mlendo m'nyumba ya boma ya mwana wawo, ndipo ankaona kuti amuchititsa kale manyazi okwanira. Ankangondifunsa ine, masana tikakhala awiri.

"Mzungu wanga anamuthamangitsa?"

"Ali ku ofesi, amai."

"Wapeza ntchito ya boma," anatero. "Achita bwino."

Kubuula kunabwerera. Ndinayesa kuwaimbira nyimboyo ndi pakamwa, koma inalibe pogwira. Ndikayamba liwu lapansi, lapamwamba linkandithawa, ndipo mpweya unkanditheratu lisanafike pokhota.

"Leka, mwanawe," anatero amai. "Ukulira ngati ng'ombe yosowa mwana wake."

Ba madamu sanali munthu woipa. Ankabwera kawirikawiri ndi phala la nsinjiro m'kapoto, n'kukhala pamphasa kucheza ndi amai. Tsiku lina ndinamva amai akuwauza mosazungulira kuti nyimbo ija anaifuna okha, ndipo ndi imene inkawagoneka.

"Awe amai, ija siyabwino," anayankha ba madamu akuwakonzera bulangete. "Mukachila tizabwela na kwaya yonse, tikuimbileni ya mau, ya moyo."

Sipanapite nthawi yaitali, amai anandifunsa chifukwa chake nkhululu za pa boma zimalira masana. Kunalibe nkhululu. Ndinakawauza ba sista m'mawa mwake. Anagwedeza mutu, anakalankhula ndi adokotala, ndipo mlingo wa mankhwala unasinthidwa. Koma anandiuza kuti kusiyiratu sikungatheke, chifukwa chifuwa chikabweranso kachitatu sichidzasiya munthu.

Makutu sanatseke tsiku limodzi. Zinayamba kusowa ndi zinthu zowonda. Anapiye a oyandikana nawo ankalira pakhomo amai osatembenuka. Supuni inkagwa pa simenti iwo osadzidzimuka. Kenako linasowa liwu langa, ndipo ndinayamba kulankhula nawo ndi mawu a pakhosi ngati mnyamata. Malole a pa msewu waukulu ankawamvabe, ndi mawu a alongo anga.

Ndinkadziwa chimene chikuchoka. Kaliwu kowonda ka pamwamba pa nyimbo ija kanali ka mtundu womwewo ndi anapiye ndi supuni.

"Alongo, makutu akutseka. Akachira sadzamvanso."

Alongo anga anasiya kupukuta nsapato. Ndinaona kuti nawonso ankadziwa. Madzulo amenewo anatulutsa timawaya ta m'makutu n'kuwaika amai okha, mosamala. Amai anapirira pang'ono, kenako anatizula.

"Akukangana ndi nkhululu m'mutu mwanga," anatero. "Munthu uja amafuna chipinda. Mwamutsekera m'botolo."

Tinaganiza njira zina. Kutseka mazenera kunali koletsedwa. Kuliza motsitsa kuti a pa mzere asamve kunalibe phindu, popeza amai ndiwo akanayamba kusamva. Ndinati tiwatengere kutchire kuseri kwa sukulu, koma mankhwala anali atawapatsa chizungulire, ndipo ulendo wa ku kiliniki wokha unkawamaliza. Ndinati tingoliza basi, anthu alankhule. Apa alongo anga anakana.

"Majekeseni akasila tizapita nawo ku kasupe wa ku Chinyunyu," anatero. "Akaviike mendo m'manzi yakupya. Kuja kulibe ma neba. Tizaliza mpaka kumapeto."

Amai atamva anakondwa. "Kumeneko sindigona," anatero. "Pamwala sagonapo munthu."

Majekeseni anatha kutentha kuli pachimake. Amai anatsala ndi mapiritsi okha, ndipo thupi linayamba kubwerera. Koma imeneyo ndiyo nyengo imene ofesi ya zaulimi sipuma. Feteleza anafika, alimi anadzaza pabwalo la ofesi ndi njinga ndi ngolo, ndipo alongo anga ankachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa, Loweruka lomwe. Kenako ine ndinalowa m'mayeso. Kenako mvula inagwa yosalekeza. Tonse tinkaganiza kuti popeza jekeseni yatha, makutu aima pamene afika. Sitinkadziwa kuti mankhwala amenewa amapitiriza kudya ngakhale munthu atasiya kubayidwa. M'nyumba tinali titazolowera kukuwa ndi kulozerana ndi manja, moti sitinaone kuti malole nawonso asowa.

Tinapita chaka chatsopano chitalowa, tsiku limene kunacha kopanda mitambo. Tinakwera minibasi yopita ku Lusaka n'kutsika pa Chinyunyu. Amai anavala chitenje chawo cha ku tchalitchi. Anayenda okha kuchokera pa msewu, atagwira phewa langa pang'ono chabe. Anaviika mapazi kumunsi kumene madzi afunda bwino, akuseka ana amene ankaphika mazira pafupi ndi kasupe. Kenako tinapita patali ndi anthu, pansi pa mitengo, pamene panali mwala waukulu wosalala. Chimanga cha m'minda yoyandikira chinali chitafika m'chiuno.

Amai anakhala tsonga pamwala, manja ali pa maondo, ngati mwana wa giredi wani. Alongo anga anaika kasipika pambali pawo n'kuyatsa.

Ndinali nditaiwala kukoma kwake. Panja inkamveka yaikulu kuposa m'nyumba. Liwu loyamba linatuluka m'udzu, lachiwiri linagona pamwamba pake, ndipo nthunzi imene inkakwera kuseri kwa mitengo inkaoneka ngati ikuyendera nyimboyo. Alongo anga anatseka maso monga tsiku loyamba lija. Ndinaona kuti njira ya ku msika ija yawachoka.

Patapita nthawi ndithu, amai anatembenuka n'kuwagwira alongo anga pa bondo.

"Yatsanitu, atate," anatero mokweza, ndi mawu a munthu wosadzimva. "Ndakonzeka."

Alongo anga anakweza mpaka pomalizira. Mayi wina amene ankachapa kutali anadzutsa mutu. Amai ankangoyang'ana nkhope zathu, kuchoka kwa ine kupita kwa alongo anga. Ndinaona pamene anazindikira. Sanalire. Anakonza duku lawo, n'kuyang'ana kuminda.

Alongo anga anadzuka n'kupita kukaima kuseri kwa mtengo.

Ndinanyamula kasipika n'kukaika m'manja mwa amai, chifukwa sindinadziwe china chochita. Iwo anakagwira, kenako anadzidzimuka. Anakakanikiza pachifuwa, pansi pa khosi, pamene pali fupa.

"Alipo," anatero. "Akunjenjemera."

Linali liwu lolemera lija, la ngati lole. Limenelo lokha ndilo linkagwedeza kasipika. Amai anatseka maso n'kukhala choncho, osagona. Liwulo likakwera ankagwedeza mutu, likatsika ankadikira. Alongo anga anabwerera n'kukhala pansi pa mapazi awo.

Chakumapeto liwu lolemera linayamba kuchepa, mpaka linatheratu. Amai anatsegula maso n'kundipatsa kasipika.

"Watha," anatero. "Wangoima basi? Sanatuluke?"

Koma nyimbo inali isanathe. Pamene lapansi linachoka, panatsala timawu towonda tokhatokha, tambiri, tikuyenda pamwamba ngati mbalame zobwerera kogona. Tinkachoka kamodzikamodzi. Kotsiriza kanakhala nthawi yaitali kali kokha, kakuchepa, moti sindinadziwe pamene kanathera ndi pamene panayambira mphepo ya m'chimanga. Kumeneko ndiko kutuluka kumene amai ankafuna kumva miyezi yonse ija, ndipo m'manja mwanga kasipika kanali duu ngati mwala.

Amai anaona kuti ndikumvetserabe. Anayang'ana nkhope yanga mpaka nditapuma.

"Anatuluka bwanji?" anafunsa.

Ndinayesa kukuwa m'khutu mwawo, koma mawu ake ndinalibe. Ndinakweza dzanja, zala zili zotambasula, n'kumapinda chimodzichimodzi, pang'onopang'ono, mpaka chinatsala chaching'ono. Nacho ndinachipinda.

"Chobwerera m'mbuyo," anatero amai. "Akufufuta mapazi ake." Kenako anawonjezera: "Ndikanakonda kumva ndekha."

Tinabwerera pa minibasi. Tsiku lotsatira alongo anga anaika kasipika pawindo la pabalaza, mazenera ali otsegula, n'kuliza nyimbo yonse mokweza. Palibe anabwera. Ba madamu anadutsa ndi chidebe pamutu, anaima pang'ono, n'kupitirira. Zinali zophweka choncho, ndipo mpaka lero ndikaganiza kuphweka kwake ndimasowa pokhala.

Amai anachira. Ba madamu anasunga lonjezo lawo, anabwera ndi kwaya yonse, ndipo amai anakhala pampando akumwetulira ndi kuomba m'manja motsatira manja a ena. Mvula itatha anabwerera ku Shikabeta, ku khasu lawo. Chaka chino akolola mapira ambiri kuposa oyandikana nawo onse.

Ine ndili m'kalasi lomaliza. Alongo anga anamva kuti ku Lusaka kuli timakina toika kuseri kwa khutu, ndipo akufunsafunsa. Ba sista akuti ena timawathandiza, ena ayi, ndipo ngakhale tithandize, mawu owonda ndiwo amavuta kubwerera. Ine ndikuyembekezabe kuti amai adzakhala mwa amene timawathandiza.

Kasipika anandipatsa alongo anga, ndipo nyimbo ija anandiikira m'foni yanga. Ndikapita kumudzi pa holide, amai amandilandira ndi mawu awo okweza amene amamveka mpaka kwa oyandikana nawo.

"Wabwera naye mzungu wanga?"

Timakhala kuseri kwa nkhokwe masana, ntchito ikatha. Amakanikiza kasipika pansi pa khosi mpaka kunjenjemera kuleke. Akatero samandipatsanso msanga monga anachitira ku Chinyunyu. Amakasunga m'manja, n'kuyang'ana nkhope yanga, kudikira kuti ndipinde chala chomaliza.